Liwiro la mumchenga ndi buku la malamulo

Aliyense wokhala mu Lilongwe amalidziwa phokoso la Subaru. Limamveka usiku misewu ikapepuka, wina akuchokera ku City Centre kulowera ku Old Town ngati akuthawa njuchi, agalu a m'mipanda n'kuyamba kuuwa motsatizana. Kukacha, msewu womwewo umadzaza ndi timagalimoto ta Mira ndi Alto, tija ukationa umadabwa kuti anthu anayi akwanamo bwanji. Magalimoto awiriwa ndi osiyana ngati njovu ndi kalulu, koma kubadwa kwawo n'kumodzi. Onse ndi ana a lamulo.

Mira ndi yaing'ono chifukwa boma la Japan linati galimoto ya injini yosapitirira 660cc, yosatalika kuposa mamita 3.4, izilipira msonkho wochepa. Amisiri a Daihatsu ndi Suzuki anatenga malire amenewo n'kuyamba kupanikiza nzeru zawo zonse m'kabokosi kameneko. Subaru ija nayo, makamaka Impreza WRX, inapangidwa chifukwa malamulo a mpikisano wa rally ankati kampani yofuna kupikisana iyambe yapanga magalimoto a mtundu womwewo masauzande n'kugulitsa kwa anthu wamba. Ndiye kuti chimene chimakudzutsani 1 koloko ya usiku chija chinayambira m'buku la malamulo la FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto lomwe likulu lake lili ku Paris.

Anzanga otsatira Formula 1 pa SuperSport amakonda kudandaula zinthu ziwiri zotsutsana ndi kamwa limodzi. Amati malamulo achuluka, apha luso la amisiri. Posakhalitsa amatinso mpikisano sukukoma chifukwa timu imodzi ikungodzipambanira, monga mu 2023 pamene Red Bull inatenga mipikisano 21 mwa 22. Akufuna amisiri amasulidwe, akufunanso magalimoto azifika pamzere womaliza ali khosi ndi khosi. Mbiri ya masewerawa, kuyambira ku Nairobi, kudzera ku Kyalami mpaka ku Lusaka, ikuonetsa kuti ziwirizi zimavuta kudyera mbale imodzi. Ikuonetsanso china chimene ife a kuno tiyenera kuchigwiritsa: lamulo silipha nzeru, limangoisankhira kolowera, ndipo potero limasankhanso amene angakwanitse kulowa nawo mpikisanowo.

Galimoto ya m'sitolo

Mu 1953, pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II, okonda magalimoto ku Nairobi anakonza ulendo wa makilomita masauzande kudutsa Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Ulendo umenewu ndi umene unadzakhala Safari Rally. Kwa amene simunaionepo, rally si mpikisano wozungulira bwalo ayi. Magalimoto amanyamuka imodziimodzi m'misewu yafumbi, wina akuyendetsa, mnzake pambali akumuwerengera njira, ndipo wopambana ndi amene wataya nthawi yochepa.

Lamulo la zaka zoyambirirazo linali losavuta: galimoto ikhale monga yatulukira m'sitolo, ndipo magalimoto ankagawidwa m'magulu potengera mtengo wake. Zotsatira zake? Kwa zaka pafupifupi 20 panalibe dalaivala wochokera kutsidya kwa nyanja amene anapambana. Matimu a makampani a ku Ulaya ankabwera ndi akatswiri awo, koma ankagonja kwa amalonda ndi amakaniko a komweko, anthu odziwa mmene dothi lakuda limakhalira likamwa mvula. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, anafika 7 okha. Mu 1965 Joginder Singh ndi m'bale wake Jaswant anapambana ndi Volvo PV544 yakale, imene inali itathamanga kale Safari ya chaka chapitacho m'manja mwa ena. Peugeot 404, ija agogo athu amaitchula mwaulemu mpaka lero, inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mlendo woyamba kupambana anali Hannu Mikkola wa ku Finland, mu 1972.

Nanga luso la amisiri linali kuti? Linalipo ndithu, kungoti linalowera kwina. Popeza galimoto ya mpikisano sinkaloledwa kusiyana kwambiri ndi ya m'sitolo, kampani yofuna kupambana inkayenera kulimbitsa galimoto imene ikugulitsa kwa aliyense: masipuling'i ake, thupi lake, kasefedwe ka fumbi mu injini. Peugeot ndi Datsun anapanga dzina mu Africa mwa njira imeneyi. Lamulo lomangirira galimoto ya mpikisano ku galimoto ya wamba linapindulira mpaka mlimi wonyamula fodya amene sanaonerepo rally chibadwire.

Munthu wa ku Bulawayo

Tsopano titsike kumwera. Kuyambira 1961 mpaka 1965, injini za Formula 1 zinali za malita 1.5. Mu 1966 lamulo linasintha, malire n'kukwera kawiri kufika malita 3. Matimu ambiri anapezeka alibe injini yoyenera. Ena anathamangira kupanga zinjini zikuluzikulu, zolemera, zosachedwa kuwonongeka. Jack Brabham wa ku Australia anasankha zosavuta: injini ya Repco yochokera ku injini ya galimoto ya wamba ya Oldsmobile, yochepa mphamvu koma yosafa msanga. Anatenga nayo ukatswiri wa chaka chimenecho.

Chisokonezo chimenechi chisanathe, pa 2 Januwale 1967, mpikisano woyamba wa chaka unachitikira ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg. Pakati pa akatswiri a dziko lonse panali John Love, bambo wa zaka 42 wa ku Bulawayo, mzinda umene achibale athu ambiri anapita kukagwirako ntchito masiku a chitaganya, ena osabwererakonso. Love analibe kampani kumbuyo kwake. Galimoto yake inali Cooper yogula kwa ena, ya injini yakale ya Coventry Climax ya malita 2.7, masilinda anayi okha. Papepala sinali galimoto yoti n'kuiwerengera.

Koma inali yopepuka, ndipo mwini wake ankaidziwa ngati munda wake. Kunkatentha tsiku limenelo, ndipo magalimoto a matimu aakulu anayamba kufa imodziimodzi. Mpikisano uli pafupi kutha, Love anali kutsogolo. Kutatsala maulendo 7 okha mwa 80 ozungulira bwalo, injini inayamba kutsokomola chifukwa mafuta sankafika bwino, ndipo anapatuka kukathira. Pedro Rodríguez wa ku Mexico anamudutsa n'kupambana. Love anamaliza wachiwiri.

Nkhaniyi imakoma kuikamba ngati ya kalulu amene anatsala pang'ono kugwetsa njovu, koma tione chimene chinatsegula khomolo. Lamulo litangosintha, ndalama za akuluakulu zinali zisanapeze njira, ndiye wochenjera wa m'thumba mochepa anapeza polowera. Khomolo silinakhalitse. Mu Juni chaka chomwecho Lotus inatulutsa injini ya Cosworth DFV, imene Ford inalipirira, ndipo inapambana tsiku loyamba lomwe ku Zandvoort. Chosangalatsa n'chakuti kuyambira 1968 injiniyi inayamba kugulitsidwa kwa timu iliyonse yokhala ndi ndalama yake, ndipo m'ma 1970 matimu ambiri ankathamanga ndi injini yofanana. Ambiri amati zaka zimenezo ndi zina mwa zokoma kwambiri m'mbiri ya Formula 1. Injini itafanana, amisiri anayamba kufunafuna liwiro pena, ndipo analipeza mu mphepo.

Kalulu wa ku Durban

Mu 1977 ndi 1978 Lotus inabwera ndi nzeru yatsopano. Kunsi kwa galimoto anakuumba ngati phiko la ndege lotembenuza, kuti mpweya ukamadutsa uziyamwa galimoto kuikanikizira pansi. Galimoto yokakamira pansi imakhota pakona osachepetsa liwiro kwambiri. Mario Andretti anatenga nayo ukatswiri wa 1978.

Ku timu ya Brabham mmisiri wamkulu anali Gordon Murray, wobadwira ku Durban mu 1946. Iye sakanatha kutengera za Lotus chifukwa injini yake ya Alfa Romeo inali yotambalala, yotsekereza njira ya mpweya. Ndiye anawerenga buku la malamulo ngati loya. Lamulo linkaletsa chipangizo choyendayenda chimene ntchito yake yaikulu ndi kulamulira mphepo. Murray anamangirira chifani chachikulu kumbuyo kwa galimoto, n'kunena kuti ntchito yake yaikulu ndi kuziziritsa injini. Zoti chikuyamwanso mpweya kunsi kwa galimoto, eti zinangochitika. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden mu Juni 1978. Matimu ena anakwiya, ndipo mwini Brabham, Bernie Ecclestone, anaichotsa yekha galimotoyo. Inathamanga kamodzi, inapambana kamodzi.

Mu 1981 akuluakulu analamula kuti galimoto izitalikira pansi masentimita 6. Murray anaona kuti oyeza amayeza galimoto itaima. Anapanga masipuling'i a mafuta ndi mpweya amene ankatsitsa galimoto ikathamanga n'kuikwezanso ikamabwerera kwa oyeza. Nelson Piquet anatenga ukatswiri chaka chimenecho.

Apa pali phunziro limene odandaula aja amaliiwala. Murray sanaganize za fani chifukwa anali womasuka. Anaganiza chifukwa anapanikizidwa, mbali ina ndi injini yake, mbali ina ndi lamulo. Mpanda ukakhalapo ndi pamene mbuzi imaphunzira kudumpha. Koma taonaninso mbali inayo: nzeru iliyonse yotereyi imapha mpikisano kwa kanthawi, chifukwa amene waipeza amasiya anzake kutali. Luso latsopano ndi kufanana mphamvu zimakokerana ngati ana awiri olimbirana chitenje chimodzi.

Zaka zimene mpanda unagwetsedwa

Nanga amisiri atamasulidwa kwenikweni zimatha bwanji? Rally inayesa. Mu 1982 kunabwera gulu la magalimoto lotchedwa Group B. Kampani inkangoyenera kupanga magalimoto 200 okha a mtundu umenewo, ndipo malire pa mphamvu ndi kapangidwe anali ochepa zedi. Audi inali itaonetsa kale ndi Quattro yake kuti galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imaposa zinzake pamatope ndi pachisanu. Peugeot ndi Lancia anapitirira pamenepo: injini pakati, turbo yaikulu, thupi lopepuka ngati chigoba cha dzira. Pofika 1986 magalimoto ena anali ndi mphamvu zoyandikira mahatchi 500, kuwirikiza kawiri a zaka zochepa m'mbuyomo.

Luso linakula mofulumira kuposa kale lonse. Mtengo nawo unakwera motero, moti dalaivala wodzilipirira yekha, wa mtundu wa Joginder Singh uja, analibenso chiyembekezo chopikisana ndi makampani. Chodabwitsa n'chakuti Africa inakana kugonja msanga. Safari ya 1984, 1985 ndi 1986 inatengedwa ndi Toyota Celica yokoka ndi matayala a kumbuyo okha, galimoto yosavuta kukonza imene ku Ulaya inkasiyidwa kutali. Makilomita masauzande a miyala ndi matope anali lamulo paokha, loti kuthamanga si kufika.

Kenako kunagwa maliro. Mu 1985 Attilio Bettega anafera pa rally ya ku Corsica. Mu Malichi 1986 ku Portugal galimoto ya Ford RS200 inalowa m'gulu la anthu oonerera n'kupha atatu. Pa 2 Meyi chaka chomwecho, ku Corsica komweko, Henri Toivonen ndi womuwerengera njira Sergio Cresto anagwera kuphedi ndi Lancia Delta S4, galimoto n'kuyaka moto, onse awiri n'kufera momwemo. Akuluakulu analengeza nthawi yomweyo kuti Group B ithe pakutha pa chaka. Walira mvula walira matope. Amene amati amisiri angomasulidwa ayenera kukumbukira kuti zinayesedwapo, ndipo anthu anaikidwa m'manda.

Zaka za Lusaka

Kuyambira 1987 mpikisano wa dziko lonse unabwerera ku magalimoto oyandikira a m'sitolo. Mu Group A kampani inkayenera kupanga magalimoto 5,000, kenako 2,500 kuyambira 1993. Pansi pake panali Group N, mmene zosintha zinali zochepa kwambiri: zitsulo zoteteza anthu mkati, masipuling'i olimba, ndi zina zochepa, koma injini ndi thupi zikhale pafupifupi monga zachokera kufakitale.

Kodi mpikisano unafanana pompo? Ayi. Lancia, imene inali ndi galimoto yokonzeka kale, inatenga ukatswiri wa makampani zaka 6 zotsatizana, 1987 mpaka 1992. Lamulo latsopano limayamba lapindulira amene lamupeza atavala kale nsapato. Koma makampani a ku Japan atalowa, zinthu zinasintha. Mu 1992 kunabadwa Subaru Impreza WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution, magalimoto a banja a zitseko zinayi koma okhala ndi turbo ndi kukoka kwa matayala onse, opangidwa ochuluka chifukwa lamulo linatero.

Pofuna kuchepetsa mphamvu, FIA inalamula kuti pakamwa pa turbo pakhale kamphete kochepetsa mpweya wolowa, kamene amakatcha restrictor. Mu 1995 kanali ka mamilimita 34. Amisiri a Toyota anapanga kamphete kamene ukakachotsa kuti ukayeze kamaoneka kabwinobwino, koma kakamangidwa pa injini kankasuntha pang'ono n'kusiya mpata woti mpweya uzidutsa m'mbali. Anagwidwa ku rally ya ku Catalunya, analandidwa mapointi a chaka chonse n'kuletsedwa kupikisana chaka chotsatira. Murray anazembera mawu a lamulo, Toyota inathyola lamulo lenilenilo. Kusiyana kwa katswiri ndi wakuba nthawi zina kumakhala kwa mamilimita.

Nkhaniyi imatikhudza pafupi kuposa mmene ambiri timaganizira. Mukakwera basi ku Old Town, kudutsa Mchinji, Mwami ndi Chipata, mumafika ku Lusaka mutayenda makilomita pafupifupi 700. Kumeneko, m'misewu yafumbi yozungulira mzindawo, kwakhala kukuchitikira Zambia International Rally, umene kwa zaka zambiri unali umodzi mwa mipikisano ya African Rally Championship, ukatswiri wa Africa umene unayamba mu 1981. Munthu amene anautenga kambiri kuposa wina aliyense ndi wa ku Zambia, Satwant Singh, ka 8 pakati pa 1988 ndi 2000.

Zaka zotsatira ndi zimene zikuonetsa bwino mphamvu ya lamulo. Muna Singh wa ku Zambia anakhala katswiri wa Africa mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, ndipo Jassy Singh, mwana wa Muna, mu 2013. Ku Zimbabwe, Conrad Rautenbach anautenga mu 2007 ndi 2011, James Whyte mu 2009 ndi 2010. Werengani: pa zaka 10, kuyambira 2004 mpaka 2013, zaka 8 ukatswiri wa Africa unagona kwa anansi athu awiriwa, ndipo ambiri a madalaivalawa ankayendetsa Subaru Impreza.

Tisanamizane, awa sanali anthu osauka. Rally sinakhalepo masewera a munthu wodikira malipiro a pa mwezi. Koma lamulo la Group N linaika mpikisano pamlingo woti banja la bizinesi ku Lusaka kapena ku Harare n'kuufikira. Galimoto inali m'bale wake wa ija ya pamsewu. Zipangizo zambiri zinkapezeka. Makaniko amene wakulira pa injini za ku Japan ankatha kuitsegula, kuimvetsa, n'kuitsekanso. Ndipo popeza pafupifupi aliyense anali ndi Subaru kapena Evo, chosiyanitsa chinali dalaivala, womuwerengera njira, ndi manja a amene anamanga mabawuti usiku wathawo. Luso silinafe. Linangosamuka kuchoka ku fakitale kupita ku galaja.

Pamene mtengo ukhala lamulo

Muzu wa zaka zimenezo unali utayamba kale kuuma. Mu 1997 mpikisano wa dziko lonse unachotsa lamulo lokakamiza makampani kupanga masauzande a magalimoto apadera aja. Subaru inachoka mu mpikisanowo kumapeto kwa 2008, ndipo Mitsubishi inadzasiyiratu kupanga Evo. Group N inayamba kukalamba popanda wolowa m'malo.

Mu 2013 kunabwera gulu latsopano, R5, limene lero limatchedwa Rally2. Ndi timagalimoto tating'ono monga Ford Fiesta ndi Skoda Fabia, ta injini ya malita 1.6 ya turbo, koma tomangidwira mpikisano kuyambira pachiyambi. Kunja kokha ndi kumene kumafanana ndi ya m'sitolo. FIA inaika malire pa pafupifupi chilichonse, ngakhale pa mtengo: mayuro 180,000 pamene gululi linkayamba. Ku Ulaya lamuloli linagwira ntchito bwino zedi. Makampani angapo anapanga magalimoto oyandikana mphamvu, ndipo mipikisano inayamba kuthera pa masekondi ochepa.

Koma mtengo umene ku Ulaya amautcha wotsika, kuno ndi nyumba. Onjezani kunyamula, msonkho wa pachipata, ndi zipangizo zobwera pandege zolipiridwa ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zimasowera. Manvir Baryan wa ku Kenya atabwera ndi Skoda Fabia R5, anatenga ukatswiri wa Africa zaka zitatu zotsatizana, 2017, 2018 ndi 2019. Zambia inadzautenganso mu 2022 kudzera mwa Leroy Gomes, akazi ake Urshlla akumuwerengera njira, koma nayenso anali pa Ford Fiesta ya gulu lomwelo. Luso la madalaivalawa palibe angalikane. Chimene chinasintha ndi chitseko: wofuna ukatswiri ayambe wapeza galimoto ya gulu limeneli, ndipo wa Subaru yakale amapikisana ndi anzake a Subaru zakale kumbuyo. Lamulo limodzi lomwelo linafananitsa anthu ku Ulaya n'kuwagawa pawiri ku Africa.

Formula 1 nayo inadzazindikira mochedwa kuti ukhoza kulemba masamba mazana a malamulo a mapiko ndi mabawuti, koma ngati timu ina ili ndi amisiri chikwi pamene ina ili ndi mazana awiri, wolemerayo adzapeza mpata basi. Mercedes inatenga ukatswiri wa matimu zaka 8 zotsatizana kuyambira 2014, chaka chimene injini zosakaniza mafuta ndi magetsi zinayamba. Mu 2021 anaika malire pa ndalama zimene timu ingagwiritse ntchito pachaka, madola 145 miliyoni, ndipo anakonza zoti timu yomalizira izipatsidwa nthawi yambiri yoyesera galimoto m'chipinda cha mphepo kuposa yopambana. Red Bull itapitirira malirewo chaka choyamba, inalipitsidwa madola 7 miliyoni n'kuchepetseredwa nthawi yoyesera.

Mu 2022 malamulo a kapangidwe anasinthanso, nzeru ya Lotus yoyamwa galimoto pansi ija n'kubwerera, cholinga chili choti magalimoto azitha kutsatana pafupi. Monga mwa nthawi zonse, mmodzi anayamba kulimvetsa lamulolo, n'chifukwa chake 2023 inali ya Red Bull yokha. Koma malamulo atakhala osasintha, ena anafika. Mu 2024 madalaivala 7 ochokera m'matimu anayi anapambana mipikisano, ndipo McLaren inatenga ukatswiri wa matimu koyamba chichokereni 1998. Zimenezi zabwerezedwa kambirimbiri: lamulo likasintha, gulu limamwazikana, likakhalitsa, gulu limasonkhana. Vuto n'lakuti pamene mpikisano wayamba kukoma ndi pamenenso akuluakulu amayamba kulemba buku latsopano.

Lamulo la a ku Finland

Pa malamulo onse amene ndawerengapo, limene limandigwira mtima si la ku Paris. Ku Finland kuli mpikisano wa anthu wamba umene dzina lake limatanthauza gulu la aliyense. Amathamangitsa magalimoto akale pabwalo lafumbi, ndipo achinyamata amaloledwa kuyamba asanafike msinkhu wotenga laisensi ya pamsewu. Lamulo lake lalikulu ndi ili: mpikisano ukatha, munthu aliyense akhoza kupempha kugula galimoto yako pamtengo wotsika woikidwa kale, wofanana kwa onse, ndipo ukakana umalandidwa chilolezo chopikisana.

Taganizirani mmene lamulo limodzi limeneli limagwirira ntchito. Silikuuza kukula kwa bawuti iliyonse. Likungochititsa kuti kuthira ndalama zambiri mu galimoto kukhale uchitsiru, chifukwa mawa mnzako aitenga pamtengo wa mbuzi. Chotsala n'chiyani? Nzeru zotchipa, manja aluso, ndi kudziwa kuyendetsa. Dziko la anthu osakwana 6 miliyoni limeneli ndi limene linatulutsa Mikkola ndi Toivonen aja, Juha Kankkunen, Tommi Mäkinen, Mika Häkkinen, Kimi Räikkönen ndi Kalle Rovanperä. Zifukwa zake n'zambiri, misewu yawo yafumbi ndi yachisanu ili m'gulu, koma dziko limene mwana wa mlimi angathe kulawa mpikisano ndi galimoto yakutha silisowa akatswiri.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mu mpikisano wa magalimoto, amene amajambula mzere woyambira ndi wolemba malamulo, ndipo amaujambula miyezi yambiri injini isanalire. Akaulemba momasuka kwambiri, ndalama ndi zimene zimathamanga, nthawi zina mpaka kumanda. Akaumanga kwambiri, magalimoto amafanana koma amisiri amasanduka omanga mabawuti chabe. Malamulo amene anatipatsa Joginder Singh ndi Volvo yake, kapena zaka za Subaru ku Lusaka, anali a pakatikati: ankatseka njira ya chikwama n'kusiya yotsegula njira ya mutu ndi manja.

Mutu ndi manja ndiye sitisowa. Pitani ku Biwi kapena ku Malangalanga tsiku lililonse la sabata, mukaone anthu akuukitsa injini imene kwawo ku Japan anailembera kale kuti yafa, akusema chitsulo chimene sichipezeka m'sitolo iliyonse m'dziko muno. Amenewo ndi ma Gordon Murray opanda bwalo. Aliyense amene akulota zokonza mpikisano wa magalimoto kuno, asayambe ndi kufunsa kuti galimoto yothamanga kwambiri ndi iti. Ayambe ndi pepala ndi cholembera: bwalo lotchingidwa bwino kutali ndi msewu wa anthu, zitsulo zoteteza ndi zipewa zokakamiza, mtundu umodzi wa galimoto yopezeka paliponse monga Vitz, ndi mtengo umodzi umene aliyense angagulire galimoto ya mnzake mpikisano ukatha. Tsamba limodzi lotero likhoza kuchita zambiri kuposa galimoto imodzi ya mayuro 180,000.